Mpeni wa Okapi: chitsulo ndi chabwino, koma kunola anakusiyirani inu

Munthu amene wagula Okapi koyamba amakhumudwa tsiku lomwelo. Amautulutsa m'kapepala kake n'kuyesa kudula chingwe chomangira saka la malasha, mpeni n'kumangotsetsereka pamwamba ngati ukuchisisita chingwecho. Akagwira chogwirira apeza thabwa lokhakhala, ndipo m'mphepete mwa sipuling'i mukukanda chala. Apa ndi pamene ambiri amauponya m'dirowa n'kumadandaula kuti wamalonda wawagwira m'maso.

Sanawagwire m'maso. Mpeniwu umatchipa chifukwa fakitale imachita mbali yovuta yokha, yodula chitsulo ndi kuchilimbitsa pamoto, kusalaza ndi kunola n'kusiyira wogula. Ngati muli ndi ola limodzi, sandipepa ndi kadontho ka mafuta, mukhala ndi mpeni wa m'thumba woti mudzasiyire mdzukulu. Ngati nthawi imeneyo mulibe, kapena ndinu munthu wosenda mango n'kupinda mpeni osaupukuta, Okapi si wanu, ndipo ndi bwino mudziwiretu ndalama isanachoke m'thumba.

Mbiri yake ndi yaifupi. Unayamba kupangidwa ku Solingen, ku Germany, mu 1902, ndipo msika wake unali maiko a mu Africa amene Ajeremani ankalamulira nthawi imeneyo. Dzinalo analitenga ku nyama ya m'nkhalango za Congo, ija ya mizeremizere m'miyendo ngati mbidzi, imene azungu anali atangoidziwa chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Mu 1988 makina ndi dzina lomwe zinagulidwa ndi kampani ya ku South Africa, ndipo ntchito yopanga mipeniyi inasamukira ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. N'chifukwa chake Okapi wa agogo amene anabwera nawo kuchokera ku migodi umalembedwa kuti Germany, pomwe wa lero umalembedwa South Africa. Yonse iwiri ndi yeniyeni.

Wa ling'i kapena wopanda ling'i

Umene anthu ambiri amaudziwa ndi waukulu uja wa nambala 907E, wa mwezi ndi nyenyezi pachogwirira, wokhala ndi ling'i, kamphete kachitsulo, kumsana. Chitsulo chake chodulira n'chotalika pafupifupi masentimita 10, ndipo ukatambasulidwa mpeni wonse umapitirira masentimita 20. Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Chogwirira ndi thabwa limodzi lomwetsedwa utomoni kuti lisamwe madzi, lochekedwa mpata pakati moti chitsulo chizigonamo. Sipuling'i ili kunja, yagona pamsana pa thabwalo. Patsinde pa chitsulo pali timano, ndipo mukamatsegula, timanoto timakhula sipuling'i n'kumalira kuti kerere, mpaka dzino lomaliza likalowa m'kabowo ka sipuling'iyo n'kukhoma. Potseka mumalowetsa chala m'ling'i, kukoka kuti sipuling'i inyamuke, kenako kukankha chitsulo ndi dzanja linalo.

Loko ameneyu amagwira, koma ali ndi msampha wake. Pokoka ling'i, zala zinayi zimakonda kuzungulira chogwirira n'kutseka mpata uja umene chitsulo chikubwerera. Anthu ambiri amene anadzichekapo ndi Okapi sanadzicheke podula chinthu, anadzicheka potseka. Gwirani chogwirira m'mbali, pakati pa chala chachikulu ndi nsonga za zala zinazo, mpata ukhale poyera, ndiye kokani ling'i. Timano tija timathandizako, chifukwa chitsulo sichigwa kamodzin'kamodzi, chimaima pang'ono pa dzino lililonse.

Koma woyenda nawo tsiku ndi tsiku muno mu Lusaka si umenewu. Ndi wautali kwambiri moti mukakhala m'minibasi yodzaza ya ku Chawama kapena ku Matero umakulasani pantchafu, ling'i yake imakola ulusi wa thumba n'kulibowola, ndipo phokoso lake potsegula limatembenuza mitu ya anthu amene simumafuna akuyang'aneni. Ku South Africa mpeni umenewu uli ndi mbiri yoipa ya ndewu za kumowa, ndipo mbiriyo inawoloka Limpopo ndi Zambezi yomwe. Malo ake ndi kumunda, kukhola kapena m'bokosi la zida m'galimoto.

Wa m'thumba ndi waung'ono, wopanda ling'i, wa chitsulo cha masentimita 7 kapena 8. Uwu ulibe loko. Sipuling'i imangougwira ukatseguka, ndipo mukakankha msana wake mwamphamvu umapindika. Ena amaona ngati ndi chilema, koma pa ntchito yodula si vuto, popeza mukamadula mphamvu imakankhira chitsulo kotseguka. Vuto limabwera mukafuna kubowola ndi nsonga, monga kuboola lamba, chigubu kapena chitini. Nsonga ikangokodwa dzanja likupitirira kutsogolo, mpeni umapindikira pa zala, kampeni kumphasa kenikeni. Ulipo wina wa nsonga yogwera pansi umene anaupangira odula biltong, nyama youmitsa ya ku South Africa. Kwa munthu wotsegula makatoni ndi masaka tsiku lonse ku Soweto Market umenewu ndiye wabwino koposa, chifukwa nsonga yake siboola katundu wa m'kati.

Posankha pa kauntala

Mipeni iwiri yochokera m'bokosi limodzi ikhoza kusiyana kwambiri, choncho musalole kuti akupatseni umene uli pamwamba. Pemphani atatu kapena anayi muyerekeze. M'mashopu a hadiweya a ku Kamwala kapena m'tauni wogulitsa sakana mukapempha mwaulemu. Pamatebulo a mumsewu m'pofunika maso kwambiri, chifukwa pamapezeka yonyengezera.

Yambani ndi chidindo patsinde pa chitsulo. Pa weniweni pamakhala dzina lakuti Okapi ndi dziko limene unapangidwira, zilembo zolowa m'chitsulo zoti mukhoza kuzimva ndi chikhadabo. Pa wonyengezera zilembo zimakhala zosaoneka bwino kapena zongopaka, chitsulo n'chonyezimira mopambanitsa ngati galasi, ndipo chogwirira nthawi zina ndi pulasitiki yopakidwa mtundu wa thabwa. Kenako tsegulani mpeni wonse, gwirani msana wa chitsulo ndi zala ziwiri n'kugwedeza cham'mbali. Kugwedera pang'ono kumakonzeka. Gwedezaninso chokweza ndi chotsitsa. Ukagwedera uku, makamaka wa ling'i, usiyeni, chifukwa ndiye kuti dzino ndi kabowo sizikugwirana, ndipo zimenezo nyundo singakonze.

Pindani mpeniwo n'kuyendetsa chala pamwamba pa mpata, kumapeto kumene nsonga yagona. Nsonga iyenera kubisala m'thabwa. Ikatulukira kunja ngakhale milimita imodzi, tsiku lina mudzapisa dzanja m'thumba kufuna chenji cha kondakitala n'kutulutsa chala cha magazi. Yang'ananinso thabwa pozungulira msomali wa pachimfundo, ngati pali kamng'alu kalikonse kadzakula. Zokongoletsa za mwezi ndi nyenyezi ndi kachitsulo kopyapyala kolowetsedwa m'thabwa, ndipo nthawi zina kamatukuka m'mphepete. Zimenezo zisakubwezeni, kadontho ka supaguluu kamathetsa nkhaniyo.

Ola loyamba

Apa ndiye pagona ntchito. Chitsulo cha Okapi wamba ndi cha mtundu wa 1055, kutanthauza kuti kaboni wake ndi pafupifupi 0.55 peresenti. Si cholimba kwambiri. Chimabuntha msanga kuposa mipeni yokwera mtengo, koma chimanoleka pa chilichonse, ngakhale pansi pa kapu yadothi, ndipo chikakumana ndi fupa kapena msomali chimapindika m'malo mobenthuka. Kwa mpeni wa ntchito khalidwe limeneli ndi labwino.

Musapite nawo kwa onola pagiraindala. Mwala wamagetsi umathamanga kwambiri, ndipo chitsulo chopyapyala chonchi chimatentha m'masekondi ochepa. Mukaona m'mphepete mwasanduka mtundu wa buluu kapena wa udzu wouma, kulimba kumene anakuika ku fakitale kwapita, ndipo mbali imeneyo idzabuntha mukangodula tomato awiri. Giraindala ndi ya makasu, nkhwangwa ndi zikwanje.

Gulani sandipepa wakuda wa madzi, uja amagwiritsa ntchito opopera penti magalimoto, wa manambala 220, 400, 800 ndi 1200, pepala limodzi pa nambala iliyonse. Pezani chidutswa cha galasi kapena thailosi yosalala, nyowetsani pepalalo n'kuliyala pamenepo, limamatira lokha. Tengani maka yakuda, cholembera chija cha inki, mupake m'mphepete monse modulira, mbali zonse ziwiri. Inkiyo ndiyo mphunzitsi wanu: pamene yafufutika ndi pamene pepala likudya, pamene yatsala simunafike.

Gonekani chitsulo papepala la 220 n'kukweza msana kuti pakhale madigiri pafupifupi 20. Pa chitsulo chotambalala masentimita awiri osakwana, ndiye kuti msana ukwere mamilimita 5 kapena 6, kuchepera pang'ono kunenepa kwa pensulo. Kokani mpeni chobwerera, msana uli patsogolo, kuti musacheke pepalalo, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ndipo mukamafika pokhota pa nsonga kwezani chigongono pang'ono. Khalani mbali imodzi osatembenuza. Mukakoka kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu, yendetsani chala mbali inayo kuchokera kumsana kupita kodulira, osati motsatira kuthwa. Mukufuna kumva kachitsulo kopindika, kokanda ngati ndevu za tsiku limodzi. Kakamveka kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, tembenuzani muchite chimodzimodzi mbali inayo. Pa Okapi watsopano ntchito imeneyi ikhoza kudya mphindi 20, chifukwa nthawi zambiri amabwera mbali imodzi yonoledwa kwambiri kuposa inzake, ndipo pafupi ndi tsinde pamakhala pobunthiratu.

Cholakwa chachikulu ndi kuthamangira pepala losalala kachitsulo kaja kasanamveke. Mumangopukuta mapewa a chitsulo, mpeni n'kumawala koma osadula. Chachiwiri ndi kusinthasintha kakwezedwe ka msana, zimene zimapangitsa m'mphepete kukhala mobulungira. Limbitsani dzanja pamfundo, muziyendetsa mkono wonse.

Mbali zonse zikafika, pitani pa 400, kenako 800, kenako 1200, kakhumi mbali iliyonse, mphamvu ikucheperachepera mpaka mpeni uzingoyenda ndi kulemera kwake. Malizani pa lamba wachikopa wakale, mbali yokhakhala, mutaukola pachogwirira cha chitseko n'kuukoka kuti uwongoke. Kokani maulendo makumi awiri, msana patsogolo. Kachitsulo kaja kamathothoka pamenepo. Yesani pa nyuzipepala: uyenera kulowa osang'amba. Tomato wakupsa ndiye mboni yosanama, mpeni wakuthwa umaboola khungu popanda kufinya madzi.

Pepala la 400 limene latsala musalitaye. Likulungeni pa kamtengo n'kusalaza m'mphepete mwa sipuling'i ndi m'makona a chogwirira, mphindi zisanu zokha, dzanja lidzakuthokozani. Ngati chitsulo chimagwedera cham'mbali, gonekani mutu wa msomali wa pachimfundo pa chitsulo cholimba, monga pamutu pa nkhwangwa, n'kumenya mutu winawo ndi nyundo yaing'ono. Menyani kawiri, yesani, menyaninso. Mukapyola muyeso mpeni umauma osatseguka, kapena thabwa limang'aluka, ndipo kubweza kulibe.

Dzimbiri

Chitsulo ichi chimachita dzimbiri, ndipo nyengo ya Lusaka imachiyesa kawiri pachaka. Kuyambira Novembala mpaka Malichi chinyezi chimalowa m'thumba momwe, ndipo mu Okutobala thukuta la mchere limachita zomwezo. Mukasenda mango kapena kudula ndimu n'kupinda mpeni uli wonyowa, mawa lake mupeza madontho ofiira. Lamulo lake ndi limodzi: pukutani musanapinde, ngakhale pa thalauza.

Siyanitsani dzimbiri ndi kuda. Mpeni ukamadula anyezi, nyama ndi zipatso umasintha mtundu n'kukhala wotuwa, pena wakuda mwa buluu. Kumeneko musachotse, ndi chikopa chimene chimateteza chitsulo ku dzimbiri lofiira. Mukhoza kukufulumizitsa: tsukani mafuta onse ndi sopo, kulungani chitsulo m'kansalu konyowa ndi viniga kwa mphindi 20 kapena 30, tsukani, umitsani, pakani mafuta. Masabata oyamba mudzamva kakomedwe ka chitsulo pa chipatso chimene mwadula, ndipo apulo amada msanga podulidwapo. Mpeni ukada zimenezi zimachepa. Dzimbiri lofiira likagwira, chotsani ndi sitiliwulu ndi kadontho ka mafuta, kapena phulusa la pambaula pa kansalu konyowa.

Nkhani ya mafuta ndi imene anthu amalakwitsa kwambiri. Saladi wophikira amagwira ntchito tsiku limodzi kapena awiri, koma akakhalitsa pachimfundo amanata ngati ulimbo, n'kumakola fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala mpaka mpeni kumalira mchenga potsegula. Oilo wa injini ndi girisi sizoyenera pa mpeni umene ukhudze chakudya. Chabwino ndi liquid paraffin wa ku famase, uja amamwa anthu odzimbidwa, osati palafini wa nyale. Sanunkha, sanata, ndipo kabotolo kamodzi kamatha chaka. Dontho limodzi pachimfundo, lina pamene sipuling'i imakhula tsinde, ndi kakang'ono kopaka pa chitsulo chonse. Vaselini amathandizanso posunga mpeni nthawi yaitali.

Mpata wa m'chogwirira umasunga nyansi zimene maso saona: ulusi wa m'thumba, madzi a nyama, nyenyeswa za chinangwa. Kamodzi pa sabata kolopolanimo ndi kamtengo ka machesi kokulungidwa kansalu. Mukadulira nyama yaiwisi kapena nsomba, tsukani ndi madzi otentha ndi sopo pogwiritsa ntchito mswachi wakale, gwedezani madzi, siyani mpeni uli chitsegukire padzuwa kufikira utauma, ndiye pakani mafuta. M'dzinja, pamene kolera amavuta m'makomboni, mpeni wosendera ana mango uzikhala wotsukidwa ngati supuni.

Zimene umachita ndi zimene umakana

Ukanoledwa bwino, Okapi waung'ono umadula chingwe cha nayiloni, malamba a makatoni, paipi ya madzi yofewa, mphira wa chubu womangira katundu panjinga. Umasongola pensulo ya kalipentala wa ku Kalingalinga, umasenda mbatata ndi nzimbe, umadula michopo patebulo. Pa nzimbe dulani mozungulira pamfundo n'kuthyola ndi manja, musamateme ngati muli ndi chikwanje, chifukwa kumenya kumamasula msomali. Katoni ndiye mdani wa kuthwa kuposa thabwa, ndiye ngati mumatsegula makatoni ambiri muziupitsa pa lamba madzulo aliwonse, ndipo pepala la 800 kamodzi pa sabata likwanira.

Si sikuludiraiva, si chotsegulira mabotolo, si chokanulira chivundikiro cha penti. Mipeni yambiri yakale imene mungaone ili ndi nsonga yoduka, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi mwa zitatuzi. Posenda waya wamagetsi yambani mwazimitsa kumeni switchi, chifukwa sipuling'i ya kumsana ikukhudza chitsulo chodulira komanso chikhatho chanu. Thabwa la chogwirira silikutetezani.

Nanga Opinel ndi Victorinox?

Amene ali ndi ndalama yoonjezera amafunsa za Opinel, mpeni wa ku France umene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890 m'dera la Savoie. Wa nambala 8, wa chitsulo cha masentimita 8.5, ndiye wofanana ntchito ndi Okapi waung'ono. Umabwera wakuthwa kale, ndi wopepuka, chogwirira chake chobulungira chimadzaza dzanja bwino, ndipo chitsulo chake cha kaboni, XC90, chimasunga kuthwa nthawi yotalikirapo. Uli ndi mkombero wachitsulo pakhosi, wotchedwa Virobloc, umene unayambitsidwa mu 1955. Mukaupotokola umakhoma mpeni uli chitsegukire, ndipo pa atsopano umakhomanso uli chipindire. Pa kudula chakudya Opinel amapambana Okapi popanda mkangano.

Chilema chake chimaonekera m'dzinja. Thabwa lake limamwa chinyezi n'kutupa, mpaka chitsulo kukanirira m'kati moti chikhadabo chimathyoka musanachitulutse. Eni ake a ku Savoie ali ndi njira: amagogoda kumchira kwa chogwirira patebulo kuti nsonga itumphuke. Mu Okutobala thabwa limauma n'kufota, mpeni n'kumatseguka wokha ngati simunakhome. Thabwa la Okapi, poti ndi lomwetsedwa utomoni, silisinthasintha chonchi. Komanso Opinel sapezekapezeka muno, kawirikawiri mpaka muitanitse kunja, ndipo mpeni umene mwaudikira milungu itatu mumachita nawo mantha kuubwereka kwa mnzanu pamaliro pamene akusenda mbuzi.

Victorinox wa ku Switzerland ndi nkhani ina. Sachita dzimbiri, ali ndi sizasi, chotsegulira zitini ndi sikuludiraiva, ndipo mtundu wake wofiira suopsa munthu. Kwa wogwira ntchito mu ofesi ndiye woyenera. Koma mtengo wa umodzi mukhoza kugula ma Okapi angapo, ndipo mchenga ukalowa pakati pa timasipuling'i take kuuchotsa ndi ntchito.

Kumene simuyenera kupita nawo

Malamulo a milandu a dziko la Zambia, Penal Code, Cap 87, amaletsa kukhala ndi chida choopsa popanda chifukwa chomveka, ndipo wofotokoza chifukwacho ndi mwini chida. Kampeni kakang'ono kopinda m'thumba la mlimi, kalipentala kapena wamalonda masana kamadzifotokoza kokha. Okapi wa ling'i m'thumba la mnyamata pabala usiku safotokozeka. Musanenenso kwa wapolisi kuti mumanyamula podziteteza, chifukwa mwavomera ndi pakamwa panu kuti ndi chida chomenyera.

Ku mpira ku National Heroes Stadium, kukhoti, kubanki, kumisonkhano ya chipani ndi kusukulu usiyeni kunyumba. Pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda uikeni m'chikwama chopita pansi pa ndege, mukauiwala m'thumba kapena m'kachikwama ka m'manja utsala pa sikana. Paulendo wa basi kuchokera ku Intercity kupita ku Chipata ukhale m'chikwama pamodzi ndi kamba, muutulutse pofuna kusenda chipatso basi itaima, osati ikudumpha mabampu.

Poyenda nawo, thumba lakumanja lakutsogolo ndiye malo ake, lopanda makiyi kapena foni, chifukwa sipuling'i yakunja imakanda galasi. Kuti usagone chopingasa pansi pa thumba, sokani kachikwama kakang'ono kuchokera ku lilime la nsapato yachikopa yakutha. Wosoka nsapato aliyense wa pakona amasoka m'mphindi khumi, ndipo muuzeni asiye pakamwa potseguka kuti chinyezi chizituluka.